Ufa wa protein ndinagula pa Dedza boma uja

Amene mumafunsa ngati ma shake a protein amanenepetsa munthu ali pa dayeti, ine ndikumwa whey (ufa wa protein wochokera ku mkaka) wa vanila amene ndinagula pa shopu ina pa boma pano. Sikupu imodzi (kachipande koyezera ufawu) ndi pafupifupi 30g, ma calories ake cha m'ma 120 basi, ndiye payokha singanenepetse munthu ayi. Vuto ndi zomwe timathiramo, mkaka, nthochi ziwiri, chiponde, kenako masana nsima mitanda itatu, tchipisi cha kachewere wa kuno osachisiyanso, sikelo ikwera ndithu aise. Ine ndimangosungunula m'madzi m'malo mwa tiyi ndi mandasi m'mawa, njala imachedwa kubwera.

Koma samalani pogula, pa shelefu pomwepo panali mass gainer, chitini chofanana ndendende, ameneyo ndiye ngonenepetsa dala, ena amapitirira ma calories 1,000 pa kumwa kamodzi. Mtsikana wa pa kauntala sankadziwa n'komwe kusiyana kwake.

Kakomedwe ka whey uja bola, kungoti amachita timibulu ndi madzi ozizira a kunowa ngati simukhutchumula botolo mwamphamvu. Mtengo ndiye eeh, mazira, usipa ndi soya pieces n'zotchipa kutalitali.