Madala a mashoko a ku Chinamwali anaitsitsimutsa DT175 yanga

Amene muli ndi njinga zamoto zakalezi, ma DT175, ma AG200, ma XL a Honda aja ankayendera alangizi a zaulimi, ndipo kutsogolo kukukusowetsani mtendere, kuli madala ena ku Chinamwali ku Zomba amene ntchito ya mashoko amaitha. Galaja yake ndi kashedi ka malata kuseri kwa mashopu, chikwangwani palibe, koma anyamata a kabaza amawadziwa, mukangofunsa akulozerani.

Yanga ndi DT175 yogula kwa munthu. Vuto lake linali loti ukagwira buleki kutsogolo kumamira kwambiri, koma ukalowa msewu wafumbi wopita ku Kachulu uja, timabampu tating'ono tomwe timakumenya m'manja mpaka mapewa kuwawa. Yofewa koma yolimbanso, njinga imodzi yomweyo. Amakaniko ambiri ukawauza zimenezi yankho ndi limodzi, tithire oyilo wolemera, ena amangotunga wa mu injini yemweyo kuthira basi, lipirani muzipita.

Madalawa anakana zimenezo. Anati achimwene tiyambe taona kaye zili mkatimu, ndipo ali mkati momasula anandifotokozera chomwe chimachitika. Mafoloko a njinga zakalezi, omwe ndi mashoko akutsogolo ogwira tayala, ali ndi kampaipi mkati kotchedwa damper rod, kali ndi mabowo, ndiye foloko ikamatsika oyilo amakankhidwa kudutsa m'mabowomo. Bowo silisintha kukula. Foloko ikamatsika pang'onopang'ono ngati pogwira buleki oyilo amadutsa mosavuta, nchifukwa chake imamira, koma tayala likagunda mwala mwadzidzidzi oyilo yense amafuna adutse nthawi imodzi, zimakhala ngati anthu akutuluka pa geti limodzi mpira ukatha. Liwiro la foloko likawirikiza kawiri kukana kwake kumawirikiza pafupifupi kanayi. Ndiye oyilo wolemera kwambiri amachepetsadi kumira kuja koma pa miyala ndiye mwaonjezera moto.

Oyilo amene anatuluka mmenemo anali wakuda bii, wonunkha, ndipo mbali imodzi munali wochepa kuposa inzake chifukwa seal, karabala kotchinga oyilo kuti asatuluke, inkadontha. Anatsuka zonse ndi palafini. Mapaipi owala aja anawagubuduza pa galasi kuti aone ngati apindika, mwamwayi anali owongoka, koma imodzi inali ndi timadontho ta dzimbiri ndipo anati ndi timeneti timadula seal yatsopano, anatisalaza ndi sandipepa wosalala kwambiri. Anaika ma seal atsopano, komanso ma rabala ophimba mapaipi aja omwe ine ndinkawaona ngati zokongoletsa chabe. Fumbi la kuno nthawi yotentha likamatirira pa mpaipi wonyowa ndi oyilo limadya seal msangamsanga.

Chimene chinandigwira mtima ndi choti munthuyu amayeza. Ma spring anawayeza kutalika ndi tepi nkufananiza ndi zomwe zili mu manual (ali ndi fotokope yothaitha koma amaiwerengadi), anapeza kuti afupikako pang'ono koma akadali ogwira ntchito. Oyilo sathira mongoganizira. Amachotsa spring, kutsitsa foloko mpaka pansi, kuthira, kupopa kangapo kuti mpweya utuluke, kenako amayeza kuchokera pakamwa pa mpaipi kufika pamene pali oyilo, mbali zonse ziwiri zifanane, wopitirira amamukoka ndi sirinji yolumikiza kampaipi. Mpata wa mpweya wotsala pamwambawo umagwiranso ntchito ngati spring foloko ikamafika kumapeto, ndiye kukweza oyilo pang'ono kumathandiza kuti isamagunde pansi kuti gwa popanda kuilimbitsa pa timabampu. Tinaika fork oil weniweni wa 15W, nambala imeneyi imasonyeza kulemera kwa oyilo. Pano musamale, 15W wa kampani ina sakhala wolemera chimodzimodzi ndi 15W wa kampani inzake, ndiye mukapeza mtundu wokuyanjani musamangosinthasintha.

Kenako anandikhazika panjinga nditavala zonse zomwe ndimavala poyenda, mnyamata wawo atagwira kumbuyo, nkuyeza mmene kutsogolo kwatsikira. Amafuna itsike pakati pa kota ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpata wonse umene foloko imayenda. Yanga inkapitirira pamenepo, ndiye anadula timapaipi ta PVC nkuika pamwamba pa ma spring ndi washa pakati. Anandiuza poyera kuti zimenezi sizilimbitsa spring, zimangokweza njinga kuti iyambire pabwino, ngati munthu ndi wolemera kwambiri kapena amanyamula matumba, afunika spring ina basi. Ma bearing a pakhosi pa hendulo anawapaka girisi nkuwamanga bwino, ndipo pobwezera tayala anayamba wapopa mafoloko kangapo asanamangitse mabawuti onse kuti mapaipi akhale mzere umodzi.

Ndinawafunsa za ma cartridge emulator omwe kampani ya Race Tech ya ku America imapanga. Ndi kavavu kokhala ndi spring yakeyake, kamakhala pamwamba pa damper rod, tayala likagunda mwala kamatseguka oyilo nkudutsa wambiri, ndiye kamathetsadi vuto la bowo losasintha lija. Koma poika pamafunika kubowola damper rod mabowo akulu, ndipo ukabowola kubwerera mmbuyo kulibe pokhapokha upeze ina. Anati akhoza kuika ndikaitanitsa ndekha kunja, koma sanandikakamize. Ine ndi mmene dola ikuvutira komanso njinga yake yoyendera kumunda ndi kuphiri loweruka, ndinaona kuti zidikire kaye.

Ndinakaiyesa ku Ku Chawe pa phiri la Zomba, kupitirira mpaka msewu wamiyala wopita ku Chingwe's Hole. Kusiyana kulipo ndithu. Potsika phiri pa makona aja buleki ndikugwira mtima uli m'malo, ndipo tayala likugwira pansi mmalo modumphadumpha. Pa miyala yakuthwa imamenyabe pang'ono, ndi damper rod imeneyo, siingasanduke njinga ya mpikisano. Chokhumudwitsa nchoti tsopano mashoko akumbuyo ndi amene akuonekera kuti anatopa.

Zodandaula zilipo. Masipeya sasunga, ma seal ndi fork oil ndinachita kuitanitsa ku Limbe, ndipo oyamba amene mnyamata wawo anabweretsa kuchokera mutauni anali feki, madala omwewo ndi amene anawakana. Nthawi samaisunga, akati mawa muwerengere mkuja, foni samayankhanso kawirikawiri akakhala manja ali mu oyilo. Lisiti kulibe ndiye mtengo mugwirizane asanagwire sipanala. Wa ntchito yawo ine ndinauona kuti ndi wabwino, zinandidya kwambiri ndi masipeya.

Mukapita pitani mmawa a kabaza asanadzadze, ndipo ma seal ndi oyilo mukhale mutagula kale, apo ayi njinga igona komweko kutsogolo kuli pa chitsa.