Kalasi ya sayansi ya atsikana pa Chitakale, mmene ndaionera ine ngati kholo

Azimayi angapo akhala akundifunsa za kalasi ija ya sayansi ya atsikana yomwe imachitika Loweruka lililonse komanso nthawi ya holide kuno ku Chitakale, ku Mulanje, ena amandiimitsa kumsika ena potuluka mutchalitchi, nde ndati ndingolemba kamodzi zonse zomwe ndaona. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, anayamba kupitako atangomaliza kulemba JCE, pano yakwana miyezi isanu ndipo ine ndemwe ndakhalamo mkalasimo katatu, sikuti ndikukamba zongomva.

Amayendetsa ndi azimayi atatu. Awiri ndi aphunzitsi a sekondale, wina wa Chemistry wina wa Physics ndi masamu, wachitatuyo amagwira ntchito mu labu ya chipatala china ndipo ndi amene amatenga Biology. Anabwereka holo ya mpingo wina, mabenchi ndi omwewo a mapemphero. Malipiro ndi K12,000 pa mwezi, ya holide imakhala yokwererapo chifukwa amakumana masiku anayi pa sabata. Ine ndimagulitsa nanazi ndi nthochi mmbali mwa msewu, K12,000 kwa ine si ndalama yotola pansi ayi, nde poyamba ndinkakayika kwambiri, ndinkaganiza kuti ndi patitaimu wamba yemwe uja woti mwana akangokopera manotsi pa bolodi nkubwerako.

Chomwe chinandikankha ndi ichi. Mwana wanga ali pa CDSS yomwe ilibe labu, zaka ziwiri zathunthu wakhala akujambula burette, kachubu kagalasi koyezera madzi kokhala ndi kampopi kunsi, mukope mwake, kulemba mayina a mbali zake zonse bwinobwino ndi rula, koma chinthucho asanachionepo ndi maso. Sindikunyoza aphunzitsi ake, amayesetsa ndi choko chawocho, koma MSCE ili ndi pepala la pulakitiko ndipo a MANEB safunsa kuti kusukulu kwanu kunali labu kapena ayi, mwana wa pa CDSS amalemba mayeso omwewo ndi mwana wa ku sukulu ya national. Ine izi zimandikhudza chifukwa zinandichitikira. Masiku athu inali Physical Science asanaigawe kukhala Physics payokha Chemistry payokha, ndipo tsiku limodzi lokha lomwe kunabwera zipangizo zobwereka aphunzitsi athu anati anyamata bwerani kutsogolo, atsikana inu muzilemba zomwe anzanu apeze. Ndinalemba ndithu, mwaukhondo. Fomu 3 isanathe ndinali nditaisiya, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa chifukwa masamu ndinkakhoza.

Tsiku loyamba lomwe ndinakhala nawo ndinapeza pa tebulo pali mabotolo a madzi odula pakati, mandimu, sopo, soda wophikira, ndi mpoto wa madzi ofiira a chidede. Ndinadabwa kuti kodi tabwera kudzaphika. Amadamu a Chemistry anafunsa kuti ndani amadziwa kucheza chidulo, manja onse mmwamba, chifukwa mwana wamkazi wa kuno ndani sanachezepo chidulo cha thelere. Anali atabweretsa phulusa, atsikana anacheza pompo ndi kachitini koboola. Kenako anati thirani chidede mmabotolo awiri, limodzi mufinyiremo ndimu, linalo muthiremo chidulo pang'onopang'ono. La ndimu linangofiira kwambiri mowala, la chidulo lija linayamba kuda nkusanduka lobiriwira, ndipo holo yonse inangoti phokoso, atsikana kukankhana kuti aone. Pamenepo mpomwe anayamba kufotokoza kuti ndimu ndi acid, chidulo ndi base, ndipo utoto wa mu chidede umasintha malinga ndi chomwe wakumana nacho, nchifukwa chake ungagwire ntchito ya indicator. Anawonjezera kuti chomwe chimafewetsa ndiwo ukathira chidulo ndi u-base womwewo, womwe umachokera mu michere yotsala mu phulusa. Ine zaka zonsezi ndikuphika thelere sindinadziwe kuti ndikuchita Chemistry pamafuwa panga, ndinakhala duu pa benchi paja ndikumvetsera ngati mwana wa sukulu.

Koma chomwe ndalipirira kwenikweni ndi lamulo lawo limodzi. Amadamu aja amanena mobwerezabwereza kuti pano palibe mlembi, aliyense manja ake anyowe. Pa titration, pomwe amadontheza acid mu base mpaka mtundu usinthe, ali ndi ma burette atatu okha, atsikana amapitirira 30, nde amawagawa mmagulu ndipo amakhala ndi pepala lochonga kuti uyu watsegulapo kampopi, uyu wawerengapo, uyu sanagwire. Ndinaona mwana wanga atagwira kampopi ka burette dzanja likunjenjemera, akudontheza dontho limodzilimodzi, mnzake akugwedeza flask, mpaka mtundu wa pinki uja unazimirira. Ulendo woyamba anapitiriza, anatsegula kwambiri. Amadamu sanamulande ayi, anangoti tsuka uyambirenso mwanawe, maso ako akhale pa mzere wa madziwo osati pamwamba pake. Anabwereza katatu. Kachitatuko anakuwa yekha kuti zatheka, ndipo madzulo ake kunyumba sitinapume, nkhani inali yomweyo mpaka nsima kuzizira.

Ku Physics nako ndi chimodzimodzi, mabatire a tochi, timababu, mawaya, ammeter imodzi yoti amasamala ngati dzira. Amawapatsa kuti alumikize okha series ndi parallel, kenako achotse babu limodzi aone kuti enawo azima kapena ayi. Mwezi watha babu la sola kunyumba linasiya kuyaka, bambo ake asanabwere mwana anali atapeza kale kuti waya wathothoka pa switch.

Tsopano za kusasankha, chifukwa mawu amenewa timawamva kwambiri pa wailesi koma kuwaona ndi maso nkosowa. Mkalasi muja muli mtsikana wachialubino yemwe maso ake saona patali. Sanangomuuza kuti khala kutsogolo basi, amamulembera mapepala ake payekha ndi zilembo zikuluzikulu za maka wakuda, malo ake ndi kumbali komwe dzuwa la pawindo silimuthobwa mmaso, ndipo powerenga measuring cylinder amaika pepala lakuda kumbuyo kwake kuti mzere uoneke. Amawerenga yekha, palibe womuwerengera. Mulinso atsikana awiri omwe anabereka nkubwerera kusukulu, mmodzi amabwera ndi mwana kumbuyo ndipo pa nthawi ya zipangizo mayi wina wa pampingopo amamugwirira khandalo panja. Boma linalola kalekale, kuyambira 1993, kuti mtsikana akachira abwerere kusukulu, komanso kuchokera 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati ukwati ndi kuyambira zaka 18, koma tonse tikudziwa kuti pepala la boma silitseka pakamwa pa anthu, mwana akabwerera amanyozedwa mpaka kusiya yekha. Muja ndinamva ndi makutu anga amadamu a Biology akudzudzula mtsikana wina yemwe anamutchula mnzakeyo kuti ntchembere, anamuimika nkumuuza kuti muno tonse ndife ophunzira, dzina lake ukulidziwa, umutchule dzina. Sizinabwerezedwenso.

Kamodzi pa mwezi amasiya zoyesayesa nkukamba za tsogolo, ndipo apa anatithandiza ngakhale ife makolo. Ambirife timangomva kuti mwana wapeza mapointi mwakuti osadziwa kuti amawerengera bwanji. Anafotokoza kuti pa MSCE giredi imayambira 1 mpaka 9, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, ndipo mapointi amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwana wakhoza bwino, koma kuti ukalowe kosi ya sayansi sikungochepa kwa mapointi kokha, amayang'ananso kuti masamu, Physics, Chemistry kapena Biology wakhoza bwanji. Nde mwana akathawa Physics ali Fomu 3 wadzitsekera yekha zitseko zambiri asanafike nkomwe pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite za boma. Anatiuzanso za lamulo la Gender Equality Act la 2013 lomwe limafuna kuti mmasukulu a ukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, nkunena mosabisa kuti malo angakhalepo koma ngati atsikana athu sakulemba nkomwe maphunziro amenewa palibe yemwe akawakhalire.

Chomwe ndinakonda nchoti zitsanzo zawo si za kutali. Amawauza za yunivesite ya MUST yomwe ili pa Ndata ku Thyolo konkuno, yomwe inatsegulidwa mu 2014, komwe kuli makosi ngati Chemical Engineering, Biomedical Engineering ndi za nyengo, komanso za Professor Address Malata amene anayamba ngati namwino ndi mzamba mpaka kufika pokhala Vice Chancellor wa yunivesite imeneyi. Amawakumbutsa kuti pa Mimosa pali malo ofufuza za tiyi, ku Bvumbwe kuli malo ofufuza za ulimi, ku Bondo anthu akuyatsa magetsi ochokera mmadzi a mtsinje wa Lichenya, ndipo monsemo mumafunika anthu a sayansi. Ife kuno tinazolowera kuti mzimayi pa esiteti ndi wothyola tiyi ndi dengu kumsana, mayi anga anathyola zaka zambiri, nde kumva mwana wanga akufunsa kuti kodi amene amayeza dothi la mmunda wa tiyi amaphunzira chani, zinandigwira mtima. Tsiku lina anakambanso za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, chifukwa chomwe dothi la mphiri likakhuta madzi limatsetsereka ndi miyala yomwe, makamaka pomwe mitengo inatha. Atsikana ena muja anataya abale awo nthawi imeneyo, mkalasi munali zii, koma mafunso anafunsa ambiri kuposa tsiku lina lililonse.

Zoti akonze zilipo ndipo ndinawauza pamaso, sindikuwadyera miseche. Choyamba nthawi. Amati timayamba 8 koloko koma kawiri konse ndinapeza akuyamba cha mma 9 chifukwa makiyi a holo ali ndi munthu wina, ndipo mwana yemwe wadzuka mmamawa kusiya ntchito zapakhomo amangokhala panja. Mapepala a mayeso akale omwe amagawa ndi fotokope yofufutika moti manambala ena saoneka, pomwe tinalipira padera K2,000 ya mapepalawo. Amadamu a Physics amadziwa zinthu zawo koma amathamanga ndipo amalankhula Chingerezi chokhachokha, pomwe anzawo aja amayamba afotokoza mChichewa kenako nkupereka mawu a mayeso, nde ana ofooka pa Physics amatsalira, masamu nawo amangopatsidwa mphindi zotsala kumapeto pomwe ndi amene amagwetsa ana ambiri.

Koma chomwe chinandikwiyitsa zedi ndi chimbudzi. Kalasi ya atsikana okhaokha opitirira 30, chimbudzi chimodzi chachitseko chosatseka bwino, popanda ndowa ya madzi. Azimayi anzanga mukudziwa tanthauzo lake, mtsikana akakhala kumwezi sabwera, ndipo mwana wanga anajombapo Loweruka limodzi pa chifukwa chomwechi. Anthu omwe aganizira mpaka za pepala lakuda kumbuyo kwa cylinder sangalephere kuganizira ndowa ndi loko.

China ndi mtunda ndi ndalama. Amene akupindula ndi ana a pafupi ndi pa boma komanso omwe makolo awo angakwanitse. Mtsikana wa ku Muloza, ku Chambe kapena ku Thuchila kuti afike pa Chitakale thiransipoti yokha ya minibasi kapena kabaza pa mwezi ikuposa malipiro a kalasiyo. Ndinamva kuti pali ana ena omwe salipira, nzabwino, koma sizinalengezedwe poyera kuti amasankha bwanji, nde kholo losauka lomwe lilibe womudziwa silingayerekeze nkomwe kukafunsa. Akanangolemba pa chitseko kuti malo aulere alipo angati ndipo ofuna aonane ndi ndani.

Bambo akunyumba anafunsapo kuti nanga anyamata alakwa chani, poti wathu wamwamuna nayenso ali pa sukulu yopanda labu. Funso lake ndi loona ndipo ndikanakonda anyamata akanakhala ndi kwawo kopita. Koma ine ndinaona kusiyana kwake, mwana wanga yemwe kusukulu samakweza mkono kuopa kusekedwa akalakwa, muja amatsutsana ndi amadamu pa ansala mpaka kupita pa bolodi. Teremu yathayi Chemistry anakhoza bwino kuposa kale lonse, Physics akadali pakatikati, sindinama.

Ngati mukufuna kutumiza mwana, mugulireni kope lalikulu, calculator ndi rula, mumpatsenso kachakudya chifukwa amatuluka cha mma 1 ndipo pamalopo sagulitsa kanthu. Pemphani kuti tsiku loyamba mukhale nawo, saletsa, ndipo muone ngati dzina la mwana wanu lachongedwa pa pepala la ogwira zipangizo lija. Ine ya mwezi wamawa ndalipira kale. Za chimbudzi anandiyankha kuti tikakambirane pa msonkhano wa makolo Loweruka lomaliza la mwezi uno, ndikakhalapo, ndipo ndowa yanga ya malita 20 ndaitsuka kale ndipita nayo.