Mbira yatupa phazi: kapusozi, madzi amchere, jivi kapena kugwetsa khola?

Mbira yanga yoyamba kutupa phazi inali yamphongo, yonenepa, imene ana kunyumba kuno ku Area 25 anaitcha dzina loti Bwana chifukwa chokankha zinzake pa mbale ya madeya. Unali mwezi wa Febuluwale, mvula ili mkati. Ndinadabwa kuti ndikabwera ndi kholowa, zonse zikuthamangira pakhomo pa khola zikulira, koma Bwana ali phee pakona. Nditamutembenuza, phazi lakutsogolo linali lofiira, lotupa ngati nzama yogonera m'madzi, pakati pali kankhanambo kakuda.

Dzuwa lisanalowe ndinali nditalandira malangizo anayi. Aneba anati, "Achimwene, tsegulani kapusozi mmodzi muthire m'madzi akumwa, mawa mundiuza." Mphwanga woweta nkhuku anati ndipake jivi. Mayi a kunyumba anatenthetsa madzi amchere osafunsanso munthu. Alamu anga, kalipentala wa ku Mchesi, anangoyang'ana khola nati, "Alamu, mankhwala mungotaya ndalama. Chikudwala apa ndi khola lanuli."

Njira zinayi zonsezi mudzazimva mukamaweta mbira, ndiye tiziike pamodzi tione.

Matendawa pa Chingerezi amati bumblefoot, madokotala a ziweto amati pododermatitis. Kalulu ali ndi ubweya kunsi kwa mapazi, mbira ilibe: imaponda ndi khungu lenilenilo. Yaikulu imalemera magalamu 700 mpaka 1,200, ndipo thupi lonselo limatsamira pa timapazi ta zala zinayi kutsogolo ndi zitatu kumbuyo. Khungu likamakhuzika pa waya kapena kufewa ndi mkodzo limang'ambika, tizilombo n'kulowa, kawirikawiri totchedwa Staphylococcus aureus. Mukazengereza, matenda amatsika mpaka m'fupa, ndipo pamenepo kuchira kumavuta kwambiri.

Kapusozi wa pagolosale ndi mankhwala olemba dokotala

Ndiyambe ndi njira imene imapha. Aneba anga ananena ndi mtima wabwino, koma mbira si nkhuku, si mwana wa munthu. Matumbo ake amadalira tizilombo tabwino togaya udzu. Mankhwala opha tizilombo monga penicillin, amoxicillin, ampicillin, erythromycin, clindamycin ndi lincomycin amasesa tizilombo timeneti, malo n'kutsalira tina ta mtundu wa Clostridium timene timatulutsa poizoni. Mbira imasiya kudya, imatsegula m'mimba, ubweya nyankhalala, pakangopita masiku ochepa mwaipeza yauma, phazi lisanaphwe n'komwe. Jakisoni wosakaniza penicillin ndi streptomycin uja timabaya mbuzi ndi ng'ombe alinso m'gulu lomweli. Izi sindikunena zongomva. Chaka cha m'mbuyo mwake ndinakwirira mbira ziwiri zimene zinkangoyetsemula, ine n'kuzithandiza ndi kapusozi. Safunsa anadya phula.

Mankhwala amene mbira imapirira alipo. Madokotala amakonda enrofloxacin kapena cotrimoxazole, yemwe uja tonse timamudziwa kuti Bactrim, ndiponso meloxicam wochepetsa ululu ndi kutupa. Koma musathamangire kukabati. Piritsi la Bactrim la munthu wamkulu ndi la mamiligalamu 480, pamene mbira ya kilogalamu imodzi imafuna osapitirira 30 pa nthawi imodzi. Enrofloxacin wa nkhuku wa 10 peresenti ali ndi mamiligalamu 100 pa mililita imodzi, kutanthauza kuti mlingo wa mbira ndi kadontho kamodzi kapena tiwiri. Kuthira m'madzi akumwa n'kungoyerekeza, chifukwa mbira yodwala imamwa pang'ono ndipo zinzake zabwinobwino zimamwa nawo. Enrofloxacin sayeneranso kwa tiana timene tikukula, amawononga mfundo za mafupa. Ichi n'chifukwa chake mbira iyenera kukwezedwa pa sikelo, mlingo n'kuyezedwa ndi sirinji yaing'ono.

Kuno ku Lilongwe tili ndi mwayi. Kuli chipatala cha ziweto cha LSPCA, kuli madokotala oima paokha, ndipo yunivesite ya LUANAR ikuphunzitsa madokotala a ziweto. Kulikonse kumene mungapite, funsani dzina la mankhwala asanabaye. Sikunyoza ayi, ambiri mwa alangizi athu ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku.

Kodi phazi lililonse lofiira likufuna mankhwala akumwa? Ine ndimati ayi. Ngati khungu langofiira, silinang'ambike, mbira ikudya ndi kuyenda, yambani ndi zapakhomo. Ngati pali chilonda chotseguka, magazi, fungo, kutupa kwakwera mwendo, kapena mbira yasiya kudya, zapakhomo zokha sizikwanira.

Kunyika m'madzi ndi kupaka jivi

Mayi a kunyumba anali pafupi ndi choonadi kuposa mphwanga. Madzi owiritsa theka la lita, supuni yaing'ono imodzi ya mchere, adikire afunde ngati osambitsa khanda. Ine ndimathira m'chivindikiro cha botolo la chiponde, mbira ndaikulunga m'chitenje chakale mutu uli panja, phazi lokhalo m'madzi kwa mphindi 5 mpaka 10, m'mawa ndi madzulo. Chinsinsi ndi kuipatsa tsamba la chinizi pakamwa: ikamatafuna imaiwala zolimbana nanu. Mukatha, pukutani mpaka pakati pa zala pouma gwa. Kubwezera phazi lonyowa m'khola ndi kufafaniza ntchito yonse.

Madzi amchere amatsuka ndi kufewetsa nkhanambo, koma sapha tizilombo mokwanira. Betadine wa ku famase amaposa pamenepo, bola mumusungunule mpaka aoneke ngati tiyi wa masamba ochepa, uja amakupatsani pamaliro anthu akachuluka. Wosasungunula amapsereza mnofu watsopano. Mchere wa Epsom umathandiza kuphwetsa, koma mbira ikanyambita imatsegula m'mimba, choncho muzitsukuluza ndi madzi oyera. Pa atatuwa ine ndimasankha Betadine ngati khungu lang'ambika, mchere wa kukhitchini ngati langofiira.

Jivi ndi mankhwala opopera ofiirira aja a zilonda za ng'ombe ubwino wake ndi umodzi: sizitenga nthawi. Mwapaka, mwapita kuntchito. Koma zimaumitsa pamwamba pokha, tizilombo tili mkati, ndipo khungu louma kwambiri limang'ambikanso mbira ikaponda. Choipa china, phazi lonse likada ndi utoto simuonanso ngati kufiira kukuchepa kapena kukukwera. Mbira imanyambitanso mapazi ake. Sipiliti, Jik ndi oyilo wakuda wa galimoto musayerekeze n'komwe.

Palinso amene amatenga lezala kuti atumbule ngati chithupsa. Musatero. Chotupacho nthawi zambiri ndi mnofu wolimba wodzadza mitsempha ya magazi, ndipo mafinya a mbira akakhalapo ndi olimba, satuluka ngati a munthu. Mungotaya magazi a kanyama kochepa kale. Nkhanambonso musamatule, idzachoka yokha ikafewa.

Kumanga bandeji kapena kusiya poyera

Apa oweta amagawanika, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Bandeji imateteza chilonda chotseguka, imasunga mankhwala opaka monga silver sulfadiazine, kirimu wa zilonda zamoto uja, kapena uchi weniweni, ndipo thonje limachepetsa kutsamira. Koma mwendo wa mbira ndi wochepa ngati pensulo. Mukamanga kwambiri magazi sayenda, zala zimatupa n'kuda. Mukamanga mofooka, mphindi zisanu yavula ndi mano. Ikanyowa ndi mkodzo n'kugonera, ndiye mwamangirira matendawo pachilonda. Ngati simungathe kusintha tsiku lililonse, siyani poyera, mulimbikire pogona. Ine ndinamanga masiku anayi oyambirira okha, pamene chilonda chinkachucha.

Pansi pa khola

Tsopano kwa alamu anga, amene ndinawaseka tsiku loyamba. Khola langa linali la m'mwamba, pansi pake waya, lotengera la akalulu, poganiza kuti ndowe zizigwa zokha ndisamavutike kusesa. Kwa mbira limenelo ndi khola loipitsitsa. Thupi lonse limatsamira pa timizere ta waya usana ndi usiku, ndipo waya akachita dzimbiri amacheka.

Simenti yokhakhala imakhula khungu ngati mwala wotsukira mapazi, komanso mu Juni ndi Julaye imazizira koopsa. Dothi, mmene agogo ankawetera mbira m'khitchini, ndi lofewa ndipo nthawi yachilimwe silivuta, koma mvula ikayamba limasanduka matope a mkodzo, ndipo makoswe amakumba. Matabwa osalala ndi abwino, kungoti amamwa mkodzo n'kuyamba kuola. Alamu anachotsa waya yense, anakhoma matabwa opala bwino, pamwamba tinayala pulasitiki yolimba, kenako zogonera. Pulasitikiyo ibisike ndithu, ikaonekera mbira zimadya.

Zogonerazo nazo zimasiyana. Utuchi wosalala wa pamakina ocheka umamwa madzi, koma fumbi lake limalowa m'mphuno ndi m'maso, ndipo umamatirira pachilonda. Zopalapala za pulena, zopotanapotana zija akalipentala amangotaya, ndi zabwino kwa mbira zathanzi, bola zikhale zouma, zopanda tizipsepse tolasa, zosachokera ku matabwa opaka mankhwala a chiswe. Makoko a mtedza ndi ambiri kuno kuchigawo chapakati, koma ndi okhakhala ndipo amachita nkhungu msanga. Udzu wouma wofewa ndi wabwino koposa chifukwa mbira imagonapo ndi kudya komwe, koma mapesi ndi udzu wofolerera nyumba zimabaya.

Kwa mbira yodwala, palibe choposa nsalu. Ndinapita pa kaunjika ku Tsoka n'kugula timabulangete tiwiri ta ana, tofewa tija touma msanga. Pansi thaulo lakale, pamwamba kabulangete. Mkodzo umadutsa n'kukamwedwa ndi thaulo, pamwamba pamakhala pouma. M'mawa uliwonse ndinkakutumula ndowe, kuchapa kamodzi, kuyala kenako. Nthawi ya mvula kuumitsa kumavuta, ndiye mukhale ndi titatu. Ndi ntchito, sindikunamizani, ndipo mayi a kunyumba anandiuza mosabisa kuti zochapira mbira si zawo.

Chomwe chinanditsimikizira kuti alamu ananena zoona ndi ichi: nditatembenuza mbira zina zisanu ndi imodzi za m'khola lomwelo, zitatu zinali zitayamba kale kufiira zidendene. Zimenezo sindinazipatse mankhwala aliwonse. Patatha milungu iwiri zili pa matabwa ndi udzu wouma, kufiira kunatha.

Mbale ya chakudya

Pali chimodzi chimene anthu anayi aja sanatchule. Mbira, monga munthu, thupi lake silipanga vitamini C. Imafuna mamiligalamu 10 mpaka 30 patsiku, yodwala kapena yabere kuposerapo. Akasowa, khungu limafooka, zilonda sizipola, mfundo zimawawa, mbira n'kumangokhala malo amodzi pa mkodzo wake. Madeya alibe vitamini ameneyu, amangonenepetsa, ndipo kunenepako kumawonjezera katundu pa mapazi. Bwana anali chitsanzo chenicheni.

Ena amasungunula mapiritsi a vitamini C m'madzi akumwa, koma amatha mphamvu msanga pakuwala, ndipo madzi akasintha kakomedwe mbira imawakana. Zamasamba zimaposa. Kachidutswa ka gwafa, ka tsabola wobiriwira wosawawa uja, masamba a mpiru, repu, chisoso, kholowa, ndi udzu wochuluka tsiku lonse. Masamba a mbatatesi ndi a tomato ayi, ndi poizoni. Zikhadabonso muziziwenga, zikatalika zimapotoza kapondedwe. Dulani kunsonga kokha, osafika pofiira.

Ndinene za ndalama, poti ambiri timaweta mbira kuti tipeze ndiwo ndi manyowa a kudimba. Minibasi, kuonana ndi dokotala ndi mankhwala a milungu ingapo zikhoza kuposa mtengo wa mbirayo. Ngati matenda afika m'fupa ndipo simungakwanitse chithandizo, musaisiye izivutika pakona. Ndipo imene yamwa mankhwala musaidye osafunsa dokotala kuti padutse masiku angati.

Bwana ndinapita naye kwa dokotala chifukwa ana sakanandikhululukira. Anamwa mankhwala ake pa sirinji kawiri patsiku, ananyikidwa phazi, anagona pa bulangete, madeya ndinamuchepetsera kwambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha: nkhanambo inagwa sabata lachisanu, ndipo kutsimphina kunatha mvula itasiya. Phazilo mpaka lero ndi lalikulupo kuposa linzake, ndipo Loweruka lililonse posintha udzu ndimatembenuza mbira iliyonse, kuyambira iyeyo.