Kamakina ka maso kamene ndinagulira amayi pa Kasungu boma

Nditangolandira ndalama za fodya amene ndinagulitsa ku Chinkhoma, ndinagulira amayi kamakina ka magetsi m'shopu ina pa boma. Ndinapereka K90,000. Wogulitsa anati kamadzutsa mitsempha ya m'maso imene yagona, ndipo anandionetsa kavidiyo pafoni ka azungu atamatidwa mawaya pamphumi. Nthawi imeneyo amayi anali atayamba kuwomba chitseko ndi phewa polowa m'nyumba, nkhuku ikadutsa cham'mbali osaiona, koma ulusi pa singano ankalowetsa okha. Tonse tinkati ndi ukalamba chabe.

Kamakinako n'kofanana ndi wailesi ya m'thumba, kali ndi mawaya awiri ndi timapepala tomata. Ukayatsa kamanyerenyetsa. Batire lake limakhalitsa, pamenepo sindinganame, tikatchaja pa sola linkatha mlungu. Timapepalato tinasiya kumata patangotha milungu itatu, mpaka tinkachita kumanga ndi duku. Madzulo aliwonse amayi ankakhala pamkeka n'kunena kuti, "Mwanawe, kakungondinyerenyetsa basi, koma poti wagula ndiwe, yatsa." Tinachita zimenezi miyezi inayi.

Mwana wanga wa Fomu 3 ndi amene anawerenga kapepala ka Chingerezi kamene kanali m'bokosi. Kamakinako ndi ka ululu wa msana ndi mawondo, ndipo analembamo kuti kasaikidwe kumutu kapena pafupi ndi maso. Mtima unandipweteka kwambiri.

Tinapita kwa a maso ku chipatala cha boma cha Kasungu. Anawadontheza mankhwala, n'kuyeza chimene ambiri timangoti BP ya m'maso. Diso lamanja linali pa 34, lamanzere pa 29, pamene maso a anthu ambiri amakhala pakati pa 10 ndi 21. Adokotala anati ndi glaucoma. Anatijambulira papepala: madzi a m'kati mwa diso akamalephera kutuluka bwino amapanikiza mtsempha wopita ku ubongo, ndipo munthu amayamba kutaya za m'mbali, pakati pakuoneka bwinobwino, opanda ululu. Amayi anafunsa ngati angawapale monga anachitira ndi anzawo a kutchalitchi. Anawayankha mofatsa kuti, "Mayi, anzanuwo inali ng'ala. Ng'ala timachotsa, munthu n'kuonanso. Mtsempha uwu pamene pafa pafa, ife tikuteteza pamene patsala." Asanawalembere timolol, mankhwala odontheza m'maso otsitsa BP ya m'masoyo, adokotala anafunsa kawiri ngati ali ndi mphumu kapena vuto la mtima, chifukwa mankhwalawa sagwirizana ndi matenda amenewa.

Za magetsizo si bodza lonse, ndipo n'chifukwa chake zimakola anthu. Ku Magdeburg, m'dziko la Germany, Pulofesa Bernhard Sabel ndi anzake akhala akuyesa kupititsa mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi pafupi ndi maso a anthu owonongeka mtsempha, ndipo mu 2016 analengeza kuti odwala ena anayamba kuona mokulirapo pang'ono atalandira chithandizochi masiku 10. Koma amenewo ndi makina ena, oyezedwa, ogwiritsidwa ntchito pamaso pa madokotala, ndipo cholinga chake n'kulimbikitsa timitsempha totsala, osati kuukitsa takufa. Salowa m'malo mwa mankhwala otsitsa BP ya m'maso. Wogulitsa uja anangobwereka mbiri ya kafukufukuyo n'kuimata pa kamakina ka msana.

Ndalama ija sindiilira kwambiri. Chimene chimandiwawa ndi miyezi inayi imene amayi akanakhala akudontheza mankhwala. Panopa akudontheza m'mawa ndi madzulo, ndipo ulendo wathawu diso lamanja linatsika kufika pa 20. Pabwalo amayenda okha, koma kumsika wa ku Santhe amapita atagwira mdzukulu paphewa.

Adokotala anatiuzanso kuti matendawa amayenda m'magazi, tonse ana awo opitirira zaka 40 tikayezetse. Ine anandipeza ndili bwino. Achemwali anga awapeza ndi 26 diso limodzi, Lolemba ndiwaperekeza kuti akawaonenso.