Kampani yoyang'anira nyumba za lendi: malamulo amawadziwa, foni ndiye sayankha

Kwa anzanga malandilodi amene mukuganiza zopereka nyumba kwa kampani kuti izikuyang'anirirani, nazi zimene ndaona kwa amene amasamala yanga.

Pangano lawo ndi limene linandikopa. Limanena tsiku lolipira lendi, kutalika kwa notisi, zimene zingadulidwe pa dipoziti, komanso yemwe akonze chikawonongeka chinthu. Denga likamadontha, paipi ikaphulika m'khoma kapena mawaya a magetsi akatha, udindo ndi wanga. Mwana wa tenanti akaswa galasi la zenera, alipira ndi tenanti. Tenanti asanalowe, a kampaniyi anajambula chipinda chilichonse, ngakhale kamng'alu ka pasinki, tonse n'kusaina. Potuluka, zithunzi zomwezo zinathetsa mkangano. Penti yofwifwa chifukwa cha zaka sanamudulire, koma chitseko chothyoka anamudula, risiti ya kalipentala ili pomwepo, ndipo ndalama zotsala anamubwezera.

Ndinawalemekeza kwambiri pamene tenanti wina anasiya kulipira. Achibale ankandiuza kuti ndingosintha loko, katundu ndimuponyere panja. Mayi wa ku ofesiko anakanitsitsa. Anandifotokozera kuti ufulu wolandira lendi ndi wotenganso nyumba yanga ndili nawo, koma njira yake ndi notisi yolemba, kenako khoti, ndipo otulutsa munthu ndi amene khoti lawatuma. Kumudulira madzi kapena magetsi kuti athawe yekha kukanandisandutsa ine wolakwa. Zinatenga nthawi, mtima unkawawa, koma ngongoleyo inabwezedwa pang'onopang'ono popanda kutukwanizana. Amaumiriranso kuti ndisamangotulukira pakhomo. Nyumba ndi yanga inde, koma wokhalamo ayenera kudziwitsidwa kaye, pokhapokha patagwa ngozi.

Chondidandaulitsa ndi kuchedwa. Foni imangoitana, lipoti la pamwezi limabwera mochita kukumbutsa, ndipo tsiku lina anatuma pulambala wawo osandionetsa kaye mtengo, ndalama n'kungozidula pa lendi. Zimenezi zimandisowetsa mtendere, chifukwa kulemba ejenti sikuchotsa udindo wa mwini nyumba. Banja la tenanti likamagona m'nyumba yodontha, dzina loipa ndi langa.

Kwa amene amakhala kutali ndi nyumba yake, kampaniyi ndi yothandiza. Ine ndawapempha kuti tiwonjezere mzere m'pangano lathu, woti ntchito iliyonse yokonza azindiuza mtengo wake asanayambe. Akavomera, chaka chamawa tipitiriza.