Mangosteen ndi wokoma zedi, koma muzimufinya kaye musanagule

Ndinaoda bokosi la mangosteen nditangoona zithunzi zake pa intaneti, chibadwire ndinali ndisanalawepo. Munali zipatso 12, kukula ngati manachesi, khungu lake lapepo wodera komanso lokhuthala, pamwamba pali timasamba tobiriwira ngati kachipewa.

Kutsegula kwake simufunikanso mpeni ai, mumangofinya ndi manja awiri khungu lija limang'ambika lokha, mkatimo muli tizigawo toyera mbee ngati adyo, tofewa tamadzimadzi, ukaika mkamwa timangosungunuka, kutsekemera kwake kuli ndi kawawasa pang'ono chabe ndiye sikukola ngakhale udye zinayi nthawi imodzi. Tizigawo tikulutikulu ndi tomwe timakhala ndi nthanga. Chinandisangalatsa china, kunsi kwa chipatsocho kuli kachizindikiro ngati duwa, timasamba take tikakhala 6 ndiye kuti mkatinso tizigawo tilimo 6. Ndinayesa pa zonse zomwe ndinadya, zimagwirizanadi.

Pomwe ndadandaula ndi apa. Zitatu zinali zolimba gwa ngati mwala, nditakakamiza kutsegula ndinapeza utomoni wachikasu walowerera mpaka mkati, zowawa zosadyeka. Chipatso chabwino chimabonyoka pang'ono ukachisindikiza ndi chala, wogulitsayu akanasankha bwino asanapakire. Komanso samalani ndi madzi a khungu lake, anandithimbiritsira shati yoyera ndipo sopo walephera.

Za thanzi tinene zoona, pa bokosi analemba ngati ndi mankhwala a chilichonse koma siziri choncho. Mbali yodyedwayo kwambiri ndi madzi ndi shuga wachilengedwe, muli fayiba wothandiza m'mimba, folate (mtundu wa vitamini B) ndi manganese (mchere wina wofunika m'thupi) pang'ono. Vitamini C ndi wochepa kwambiri, lalanje lomwe limakhala ndi pafupifupi 50 mg pa magalamu 100 likumuposa kutalitali. Ma xanthone, timichere tachilengedwe tomwe anthu amatchukitsa kuti ndi tothandiza pa thanzi, ambiri ali m'khungu, ndipo khungulo ndi lowawa, sitidya.

Kusowa kwake ndakumvetsa, mtengowu kwawo ndi ku Malaysia ndi Indonesia, ku Thailand amaulimanso kwambiri, umafuna malo otentha achinyontho ndipo umatha zaka 7 mpaka 10 usanayambe kubereka.

Ndapereka nyenyezi 4 mwa 5. Ndidzaodanso chifukwa cha kukomako basi, koma ulendo uno ndidzayamba ndawauza kuti zolimba asandiikiremo.