Pepo wa jakaranda kapena pepo wa mbalame: uyambe ndi uti?

Ngati ukuphunzira kujambula zachilengedwe ndi penti wamadzi, ine ndimati yamba ndi duwa la jakaranda basi. Pepo wake ndi utoto weniweni uli m'duwamo, anthocyanin, ndiye ukasakaniza buluu wambiri ndi kofiira pang'ono wafikapo kale. Vuto ndi loti likathothoka limafota msanga, komanso ukaphonya Seputembala ndi Okutobala udikira chaka china.

Mbalame ija azungu amati violet-backed starling ndi nkhani ina, ase. Yamphongo imakhala pepo mutu ndi msana, mimba yoyera, koma nthengazo zilibe utoto wa pepo ayi, ndi kapangidwe ka nthenga kamene kamabweza kuwala, ndiye ikangotembenuka pang'ono ikuoneka yofiirira, ikalowa pamthunzi pafupifupi yakuda, iwe burashi ili m'manja sukudziwa usakanize chani. Pamafunika kupaka kopyapyala kangapo, mdima pansi, n'kusiya malo owala.

Ena amathawira ku mwala wa pepo uja wa amethyst ngati wa ku Mapatizya ku Zambia, poti suuluka. Komatu umalowa kuwala ngati galasi, ndiye nawonso ndi mutu wina.